Fainala ndi Paipi ya M'chigafa

Kum'mawa kwa Chamama, ukadutsa mjigo wa pasukulu n'kukhotera kumene msewu umasanduka kanjira ka ngolo, panali khomo limene ngakhale nkhuku zinkayendapo mwaulemu. Panali pa Fainala. Bwalo lake linkasesedwa mpaka kuoneka mizere ya tsache, mapoto ake ankawala ndi kunsi komwe, ndipo mkazi wa m'mudzimo akachapa mopitirira muyeso anzake ankamufunsa kuti, "Kodi ukuyembekezera Fainala?" Mwini wake ankadziwa kuti amamunena, ndipo kunena zoona zinkamukomera.

Anabadwira pa esiteti ya fodya cha ku Simlemba, makolo ake ali matenanti. Anadziwa kusoka fodya asanadziwe kuluka tsitsi, ndipo sukulu inamuthera pamene manja ake anayamba kufikira mikangala ya m'mwamba m'chigafa, muja amayanikamo fodya. Anakula akudya pafupi ndi fodya, akugona pafupi ndi fodya, diresi lake la kutchalitchi likusungidwa denga limodzi ndi fodya. Mphuno yake inatopa naye kalekale. Inkatha kumva kuti ndiwo za dzulo zayamba kusasa iye ali kubwalo, kapena kuti mwana wa mlendo wanyowetsa thewera asanalire n'komwe, koma fodya ayi. Kwa Fainala fodya sankanunkha chilichonse.

Anakwatiwa ndi a Davison, bambo wathupi, wa khosi lalifupi, wofatsa ngati ng'ombe yokhuta. Anali mkulu wa mpingo. Analima fodya moyo wawo wonse koma sanamuikepo pakamwa kapena pamphuno, ndipo zimenezi ankazinyadira kwabasi. Vuto lawo linali limodzi: mkonono. Mkonono wa a Davison unkamveka mpaka kutsidya kwa dambo, ndipo alendo ogona pakhomopo ankatsanzika m'mamawa maso ali psuu, akunamizira nsikidzi zimene pa Fainala panalibe. Fainala phokosolo anali atalizolowera. Chimene chinkamuopsa ndi pamene linkadukira. Mkonono unkakwera, kukwera, kenako zii, chifuwa chili duu ngati cha munthu woti watsamwa, mpaka iye awagunde ndi chigongono kuti akoke mpweya. Chigongono chimenecho chinagwira ntchito zaka zambiri popanda wochithokoza.

Masana a Davison ankabweza tulo paliponse. Ankawodzera pa msonkhano wa akulu a mpingo, ankawodzera pa maliro, ankawodzera chikho cha thobwa chili m'manja. Chaka china cha makuponi analawirira ku Chamama, kuponi ili m'thumba la malaya, n'kukaima pa mzere wa fetereza. Dzuwa litakwera anati atsamire kaye khoma la depoti. Mzere unayenda, unawalambalala mwaulemu monga akulu a mpingo, ndipo pamene ankadzidzimuka n'kuti mlonda akukoka chitseko, fetereza atatha. Anadzamupeza ulendo wina, chimanga chitayamba kale chikasu. Mudzi unaseka nkhaniyi mpaka unakhuta.

Ya mzereyo Fainala anaseka nawo. Ya ngolo sanaseke. Tsiku lina a Davison akuchokera kumunda anagona ali pa ngolo, ng'ombe zinakhota zokha pa chigwembe cha kudambo, tayala linatsetsereka, ndipo anthu anakawatola pansi, mutu utang'ambika, phewa litagweluka. Mwamwayi Ennie, mwana wawo woyamba amene ankagwira ntchito ku Joni, anali atabwera kudzadya Khirisimasi. Sanamve za wina aliyense. Anawakweza basi mpaka ku Lilongwe, komwe anawagoneka m'chipatala atawamata timawaya thupi lonse. Dokotala anafotokoza kuti a Davison akagona kukhosi kwawo kumatsekeka, thupi limadzidzimuka kulimbirana mpweya, ndiye kwa zaka zonsezi sanagonepo tulo tenitenti, ndipo mtima wawo ukutopa nazo. Mawu oti mtimawo ndi amene anamukhala Fainala pachifuwa.

Makina owathandiza kupuma anabwera nyengo yozizira, msika wa fodya utatha. Ennie anabwera nawo yekha, anadzera nawo kwa dokotala uja kuti awatchere, n'kuikitsa sola padenga ndi batire pansi pa bedi. Kanali kabokosi kakang'ono, kokhala ndi kathanki ka madzi ndi kasefa kumbuyo, paipi yaitali, ndi chigoba chovala pamphuno. Ntchito yake inali kuuzira mpweya kuti kukhosi kusatsekeke. Ennie anayala zonsezi pamkeka n'kuyamba kulangiza mayi ake.

"Amayi, chigobachi muzitsuka m'mawa uliwonse ndi madzi ofunda, sopo wake wosanunkhira. Paipi ndi kathanki, Loweruka lililonse. Kasefaka muzikachotsa, mukatsuke, kaume kaye musanakabwezere."

"Ukundiphunzitsa kutsuka ineyo?"

"Ayi amayi, ndikungonena mmene anandiuzira."

"Ndinakutsuka iwe wemwe, ndipo sunali woyera ngati paipiyi."

Ennie anaseka, koma sanasiye. Anati m'kathanki asamathiremo madzi a pamjigo chifukwa amasiya zoyera zokakamira, agule a m'botolo kwa a Usumani ogulitsa m'golosale ku Chamama, ndipo zoyerazo zikayamba aviike kathankiko mu vinega wosungunula ndi madzi. Mankhwala oyeretsera zovala asayerekeze. Kenako ananena chomaliza, akupinda kale zovala za ulendo.

"Osayanika padzuwa, amayi. Dzuwa limaumitsa mphira n'kuing'alula. Muziyanika pamthunzi, podutsa mphepo."

Apa Fainala sanafunikire kuganiza. Mwana aliyense wa ku Kasungu amadziwa malo amthunzi, odutsa mphepo, amene chinthu chimauma bwinobwino osapsa ndi dzuwa. Malo oterowo anamangidwa kale pakhomo lililonse, ndipo dzina lake ndi chigafa. Nthawi imeneyo chinali chopanda kanthu, mphepo ikungoseweramo. Fainala anasankha mkangala umodzi wosalala, anaupala ndi mpeni, anautsuka, n'kulengeza kuti kuyambira tsiku limenelo ndi wa paipi basi.

Miyezi imene inatsatira inali ya chikondwerero. Mkonono unatha ngati wadulidwa ndi chikwanje. A Davison anayamba kudzuka nkhope ili gwa, m'masaya muli mizere ya malamba a chigoba, ndipo ankapita nayo mizereyo pa bawo osachita nayo manyazi. Anzawo anawapatsa dzina. "Mwatera nthawi yanji, a payiloti? Ku Joni kuli mvula?" Iwo ankangomwetulira n'kuwadyera nkhomo. Chaka chimenecho pa mzere wa fetereza anaima chilili mpaka kufika pakhomo la depoti, ndipo anapezanso mphamvu zodzudzula olowerera. Fainala naye ntchito yatsopanoyi anailandira ndi manja awiri, poti walira mvula walira matope. Makinawo anali ndi beseni lawolawo, kansalu kawokawo, ndi kampando kawo kumutu kwa bedi. M'mawa uliwonse asanagwire tsache ankayamba watsuka chigoba. Loweruka ankathira madzi a sopo m'paipi, n'kugwira nsonga zonse ziwiri, kuipendeketsa uku ndi uku kuti madzi ayende monsemo, kuitsukuluza, n'kupita nayo ku mkangala wake ikudontha.

Kenako fodya anakhwima. Kuthyola kunayamba, kusoka kunayamba, ndipo chigafa chinadzaza kuyambira pansi mpaka kudenga. Fainala anateteza mkangala wa paipi ngati munda wa makolo. Aganyu akafuna kupachikapo fodya ankawakalipira, "Pamenepo ndi pa mpweya wa bambo a Ennie!" Ndiye paipi inkalendewera pamenepo tsiku lonse la Loweruka, masamba akufota kumanja ndi kumanzere, ndipo chigoba chinkaumira pomwepo m'mawa uliwonse. Sanafunse munthu. Akanafunsa chiyani? Mthunzi unalipo, mphepo inkadutsa.

Fodya atauma anamusankha, n'kuyamba kumulowetsa m'nyumba. Umu ndi mmene aliyense amachitira, chifukwa nyengo imeneyo akuba amayenda ndi matumba, ndipo mavenda safunsa kuti fodya wachokera khomo liti. Anadzaza pabalaza, n'kusefukira kuchipinda, mpaka mulu wina unafika kumutu kwa bedi, phewa ndi phewa ndi kampando ka makina.

Zizindikiro Fainala anaziona msanga, pakuti maso ozolowera kusankha fodya saphonya banga. Madzi m'kathanki anasiya kutsika. Chigoba chinkafika m'beseni chilibe mafuta a nkhope. Mizere ya m'masaya inazimiririka. Iye nyengo ya fodya ankagona ngati chipika chifukwa cha kutopa, koma m'bandakucha wina anadzutsidwa ndi mlendo wakale uja, mkonono, ndipo chigoba chinali chitaikidwa bwinobwino pa kampando. Masana omwewo a Davison anawodzera tsamba la fodya lili m'manja.

"Bambo a Ennie, makina aja mwawasiya?"

"Ayi, amake Ennie. Ndi batire. Mitambo yachuluka masiku ano."

Fainala anayang'ana kumwamba. Kunali mbee, popanda ndi kamtambo kamodzi komwe. Mawa lake anati malamba akuwathina. Anawamasulira. Mkuja wake anati chimfine. Fainala anapsa mtima, ndipo anadzipezera yekha chifukwa: ndi a pa bawo aja. Bambo wamkulu, mkulu wa mpingo, kutaya moyo wake chifukwa cha dzina la chipongwe! Anawalalatira anthu a pa bawowo mumtima mwake mmodzimmodzi, ndi akazi awo omwe. Koma pansi pa mkwiyowo panali mantha, chifukwa mabelo anali pafupi kudindidwa, ndipo wowanyamula pa ngolo kupita nawo ku lole ku Chamama anali a Davison, njira yake yomwe ija ya pa chigwembe.

Tsiku lina masana, a Davison atapita kukabwereka jeke yodindira mabelo, Fainala analowa kuchipinda n'kukhala pa bedi moyang'anizana ndi makina aja ngati akufuna kuwazenga mlandu. Anayang'ana paipi kuwala kwa pawindo: yoyera. Anapukuta chigoba ndi chala: choyera. Batire linali lodzaza. Anatsala ndi chinthu chimodzi chimene anali asanachitepo, poti ankaona ngati n'kuvala chipewa cha mwamuna wake. Anasuzumira panja kuti aone ngati kukubwera munthu, anavula duku, anavala chigobacho, n'kudina batani.

Mpweya unalowa mwamphamvu, ndipo unalowa ndi katundu. Fainala anayetsemula chigoba chili kumaso. Anayetsemulanso. Kukhosi kunayabwa, misozi inatuluka, mutu unazungulira ngati wa mtsikana amene waba fodya wa mphuno wa azakhali ake. Anachikoka chigobacho n'kukhala pansi akutsokomola. Fungo limene mphuno yake inalikana kuyambira ali mwana linali litamupeza tsopano, litasonkhanitsidwa m'paipi n'kukankhidwira mkati osapempha. Linali lowawa, lolemera, lokakamira kukhosi. Anatembenuza makina n'kusolola kasefa. Kanali kofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Anali atakaona kotero Loweruka lapitalo, n'kukatsuka akudandaula za fumbi la mumsewu. Anayang'ana kasefako, anayang'ana mulu wa fodya umene unatsamira kampando, anayang'ananso pawindo kumene chigafa chinaima ndi mkangala wake wosalala uja.

Manyazi anamugwira mpaka m'makutu munatentha. Iye, Fainala, woyera kuposa mudzi wonse, anali akufukiza mwamuna wake fodya ndi manja ake otsukatsukawo. Safunsa anadya phula, ndipo phula lake linali limeneli. Anaimbira Ennie, ndipo Ennie atamva anakuwa pafoni mpaka mayi ake anaitalikitsa kukhutu.

"M'chigafa, amayi? Muli fodya?"

"Unati pamthunzi podutsa mphepo."

"Ndinatero, koma... Ndiye m'chipindamo mulinso fodya? Amayi, makinawo amakoka mpweya wa m'chipinda momwemo. Chili m'chipindamo n'chimene adadi akupuma."

"Ndamva. Usandiuze kawiri, mayunitsi akutha."

A Davison anabwera dzuwa litapendeka, jeke ili pa ngolo. Anapeza paipi, chigoba ndi kathanki zili m'beseni, Fainala akusintha madzi kachitatu kapena kachinayi, maso ali ofiira.

"Bambo a Ennie, khalani pansi."

Anakhala. Munthu amene wakhala m'banja zaka zambiri amadziwa liwu lofunika kulimvera.

"Ndavala chinthu chanuchi."

A Davison anayang'ana pansi.

"Chiyambireni kununkha ndi liti?"

"Ndi kale pang'ono. Chigafa chitangodzaza. Poyamba ndinkapirira, koma fodya atalowa m'nyumba ndiye zinanyanya. Mutu unkandiwawa, mtima kuchita nseru. Ine zaka zonsezi ndalima fodya osamulawa, lero ndidzayambe kusuta pa ukalamba, ndiponso usiku wonse?"

"Nanga osanena bwanji? Pakamwa panatupa?"

A Davison anakanda chipsera chawo cha pamutu. Anayankhula motsitsa, ngati akupepesa.

"Amake Ennie, inu mumadzuka kusanache kutsuka chinthu chimenechi. Mumachisamala kuposa mmene ndimasamalira ng'ombe zanga. Ndiye ine ndiyambire pati kuuza mkazi ngati inu kuti chimene mwatsuka chikununkha? Ndinati ndipirire, msika ukatsegulidwa fodya achoka, ndidzayambiranso."

Fainala anafuna kukalipa, ndipo mawu anali okonzeka kale pa lilime. Koma anaona kuti bambo ameneyu analolera kubanika usiku ndi usiku, analolera kukakwera ngolo ali ndi tulo m'maso, kungoti iye asachite manyazi. Zinamukwiyitsa, ndipo zinamukhudza mpaka pansi pa mtima. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje n'kunamizira fodya.

"Ulemu wanuwo udzakuphani tsiku lina," anatero. "Imirirani. Fodya yense akutuluka m'nyumba muno lero."

"Akupita kuti?"

"M'kanyumba ka kuseri kaja ankagonamo Ennie."

Apa a Davison anadzuka ndithu, tulo tonse tinabalalika. Kanyumbako kanali ndi chitseko cha malata chotseka ndi waya, ndipo windo lake linali lotchinga ndi thumba la fetereza. Mwana wa zaka zisanu akanatha kulowamo osagogoda.

"Amake Ennie, ganizani bwino. Kwa a Grey anawabera sabata yatha yomweyi, fodya ali m'khitchini yokhoma ndi loko. Tingotulutsa wa kuchipinda yekha, wa pabalaza akhale."

"Nyumba ino ilibe siling'i. Fumbi la pabalaza silipempha chilolezo polowa kuchipinda."

"Ndiye tidikire masiku ochepa okha, tidinde, apite."

"Masiku ochepawo muzipuma chiyani? Ndipo pa ngolo pakakhala ndani?"

Sanadikire yankho. Analowa m'nyumba, anakunga chitenje, n'kutuluka ndi mtolo woyamba pamutu. Mapulani onse anali atawamaliza kale ali pa beseni paja. Fodya akatuluka asesa, akolopa, achapa neti ndi makatani, apukuta makoma ndi nsalu yonyowa. Kasefa kakale ataya, aika katsopano mwa tosinthira timene Ennie anasiya. Paipi iziuma m'chipinda momwemo, pa chingwe chakechake pafupi ndi windo la kum'mawa, mbali imene mphepo imafika isanadutse kuchigafa. Chitseko cha kanyumba achikhomerera thabwa mawa, ndipo galu wawo azimangidwa pomwepo, aleke kudya zaulere.

A Davison anamutsatira mpaka pakati pa bwalo, manja ali m'mwamba ngati akuletsa ng'ombe yothawa.

"Imani kaye, amake Ennie. Imeneyi ndi ntchito ya chaka chonse. Thukuta lathu lonse lili m'masamba amenewa. Akabedwa tidzalowera kuti?"

Fainala anaima, mtolo uli pamutu, n'kutembenuka thupi lonse monga amachitira munthu wosenza.

"Thukutalo ndikulidziwa, anasoka fodyayu ndine. Akabedwa ndidzalira, ndipo mudzi wonse udzandimva. Koma ikafika Seputembala tidzafesanso nazale, adzamera wina. Nanga inu, bambo a Ennie, mukandichokera, nazale yanu ili kuti?"

A Davison anatsitsa manja aja. Anayang'ana mkazi wawo. Kenako analowa m'nyumba, ndipo potuluka anali atasenza mtolo waukulu kuposa yonse, uja unali kumutu kwa bedi.

"Tiyambire kuunjika pakona iti?" anafunsa.